Phunziro la Pachulu

Ku Ndunde konse, malo amene foni ya Trevor Mathero inkagwira netiweki osadukizadukiza anali amodzi okha: pamwamba pa chulu cha m'munda wa apongozi ake. Chulucho chinazunguliridwa ndi nandolo wotalika kuposa munthu, moti wokwera pamwamba ankaona denga la chipatala ndi msewu wonse wopita ku Mbulumbuzi, koma munthu wowerama m'munsi mwake samamuona.

Tsiku limenelo wowerama m'munsi anali mkazi wake, Lydia. Ankathyola nandolo wamuwisi woti akaphike makata, mwana wawo Maluwa atagona kumbuyo. Sanabwere kudzamvetsera ayi. Kungoti Lydia anabadwa ndi makutu osagona. Mwana akangotsokomola kamodzi iye mtima unali m'mwamba, galu akauwa kutsidya ankadziwa kuti ndi wa kwa yani, ndipo njinga ya mwamuna wake ankaizindikira ndi kulira kwa tcheni isanatulukire pamphambano.

Trevor anali mkamwini pamudzipo. Kwawo kunali ku Mauwa. Dipuloma ya uphunzitsi anali nayo, koma boma linali lisanamuitane, ndiye ankangopalasa njinga kukaphunzitsa pa kasukulu kena ka munthu ku Mbulumbuzi. Mtima wake wonse unali kunja. Anafunsira ntchito yophunzitsa Chingerezi ku China, kwa Aluya, kulikonse kumene foni inkamuonetsa. Ena ankafuna azungu okhaokha, ena mapepala amene iye analibe, ambiri samayankha n'komwe. Mapeto ake inayankha sukulu ya mpingo ku Guruwe, m'dziko la Mozambiki, yophunzitsa anthu akuluakulu madzulo akaweruka: anamwino, makalaliki a m'minda ya tiyi, oyendetsa malole.

Pokonzekera zonsezi, wophunzira wake woyeserera anali Lydia. Trevor anapaka khoma la kuseri kwa nyumba utoto wakuda kuti likhale bolodi, n'kumamukhazika mkazi wake pampando kuti azikhala ngati mayi wa ku Mozambiki wosadziwa ngakhale moni wa Chingerezi. Lydia ankalakwitsa dala, Trevor n'kumamukonza monyadira. Masewerawo anatenga nthawi yaitali mpaka mphunzitsiyo anaiwala kuti mkazi wakeyo anafika Folomu 4, ndipo Chingerezi ndi chimene anakhoza bwino kuposa maphunziro ena onse.

Ndiye pachulu paja Trevor ankayankhula momasuka. Mawu a munthu wachikulire ankamveka m'foni, Chingerezi chake cholemera, chokoka. Anali bambo Gregorio, mkulu wa sukuluyo. Anafotokoza kuti mpingo uli ndi nyumba ya mphunzitsi, koma amapereka kwa munthu wapabanja, kenako anafunsa za banja la Trevor.

"Mkazi wanga ndi mphunzitsi mnzanga," anayankha Trevor m'Chingerezi chosalala. "Dzina lake ndi Fiona. Atha kumathandizanso makalasi ena. Ana tilibe."

Dzanja la Lydia linaima lili pa nthambi. Fiona ankamudziwa: mtsikana wa magalasi wophunzitsa limodzi ndi Trevor ku Mbulumbuzi, amene anabwera kudzaona Maluwa atangobadwa, n'kumunyamula, n'kunena kuti mphuno ndi ya bambo ake. Lydia anapisa dzanja kumbuyo n'kugwira kaphazi ka mwanayo, ngati kuti mawu aja akanatha kumuchotsa pamsana. Kenako ananyamula lichero lake n'kuzemba m'mizere, osathyola ngakhale kanthambi.

Pofika pakhomo anapeza achemwali ake, a Eluby, akusenda chinangwa pakhonde. Anawayang'ana ngati akuwaona koyamba. Amuna awo a Eluby anapita ku Joni Lydia akadali ku pulayimale. Ananena kuti akakhazikika adzawatenga. Poyamba ankaimba foni, kenako ankangotumiza moni kudzera mwa anthu, kenako zii. Sanamwalire, ndipo sanawasudzule. Amuna awiri anabwerapo kudzafunsira, koma ankhoswe anawabweza kuti mayiwa ndi mkazi wa mwini. A Eluby anakalamba choncho, ngati mbuzi yomangidwa pa chikhomo mwini wake atasamuka.

Madzulo Trevor anabwera akuimba mluzu. Anadya makata mbale yonse, makoko n'kumaponyera nkhuku.

"Amake Maluwa, zinthu zayamba kuoneka mutu wake," anatero. "Kungoti nyumba yake akuti ndi ya anthu osakwatira, kachipinda kamodzi. Ndiyambe ndapita ndekha. Ndikakhazikika ndidzakutengani."

"Mudzatitenga," anatero Lydia, maso ali pa mwana.

"Nanga ndingakusiyeni? Inunso mumada nkhawa ndi zilizonse."

Mumtima Lydia anangoti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Masiku otsatira ankagwira ntchito zake akulingalira zobwezera. Potunga madzi ankaona foni ya Trevor ikumira pachitsime. Posonkha moto ankaona pasipoti yake ikupsa pamodzi ndi zitsononkho. Tsiku lina anafika mpaka pamsewu, Maluwa ali kumbuyo, kuti akwere kabaza akamuvule Fiona wigi pamaso pa ana a sukulu, koma anabwerera. Foni akanagula ina. Pasipoti akanapangitsa ina. Fiona akanalira, Trevor n'kumutonthoza, anthu n'kumati mkazi wa aphunzitsi wapenga. Lydia sankafuna moto wa mapesi. Ankafuna wa gaga, wonyeka pansipansi, umene munthu amauzindikira ataupondamo kale.

Mpata anaubweretsa Trevor mwini wake.

Anafika kuseri kumene Lydia ankachapa matewera, n'kukhala pa mtondo wogwetsa. "A Gregorio aja akufuna andione ndikuphunzitsa munthu weniweni, pa vidiyo. Munthu wamkulu, wongoyamba kumene. Ndaganiza kuti mukhale inu, poti kulakwitsa kuja mumakutha."

"Sakudziwa kuti ndine mkazi wanu?"

Trevor anakanda m'khosi. "Apo ndiye pali nkhani. Safuna wachibale, akuti mwina tingagwirizane. Ndinena kuti ndinu oyandikana nafe nyumba. Muvale chitenje ndi duku. Mwana mumusiye kwa a Eluby."

"Oyandikana nanu nyumba."

"N'zongodutsira basi. Mdalayo ndi wosavuta. Kayankhulidwe kake ngati amayi anu akakwiya, Chilomwe chokhachokha m'kamwa." Anaseka. "Anthu akwanu enieni."

Lydia anafinya thewera pang'onopang'ono mpaka dontho lomaliza.

Makolo a amayi ake anachokera komweko, kuseri kwa mapiri a Mulanje, kalekale. Chilomwe pamudzipo chinatha m'kamwa mwa amuna ndi ana, koma amayi anachisunga pa ntchito imodzi. Akakhala m'munda kapena pamtondo, mkamwini n'kutulukira, amayi ake, azakhali ndi a Eluby ankangotembenuza lilime n'kupitiriza kumudya miseche iye ali pomwepo akumwetulira. Trevor ankadana nazo. Analamula kuti m'nyumba mwake musamamveke chinenero chimenecho, chingapotoze lilime la mwana. Iye mwini sankamva ngakhale liwu limodzi, ndipo ankanyadira kusamvako.

M'mawa wa tsikulo kunali chiperoni, kamphepo kozizira kakugwedeza nandolo. Trevor anavala shati yoyera ndi tayi, ananyamula chidutswa cha pulayiwudi chopaka utoto wakuda, n'kumangirira foni pa mtengo umene anazika pachulu. Atacheuka anaona Lydia akukwera, Maluwa ali kumbuyo.

"Ndinati mwana mumusiye."

"Akutentha thupi pang'ono. Sindingamusiye."

"Inu ndi kutentha thupi kwanu. Chabwino, mumufunditse asaoneke kwambiri."

Foni inalira. Pagalasi panaoneka bambo wa imvi, wa nkhope yotakata, atavala juzi. Trevor anapereka moni wa Chingerezi, n'kuloza Lydia kuti awa ndi mayi oyandikana nawo nyumba, sanapite patali ndi sukulu. Lydia anaona kuti akadikira pang'ono mawu amuthawa, choncho anawerama, naomba m'manja mwaulemu.

"Moseliwa," anatero, moni wa m'mawa wa Chilomwe.

Nkhope ya a Gregorio inawala ngati munthu wakumana ndi mbale wake pa depoti ya kutali. Anayankha mofulumira, n'kufunsa kuti kwawo kwenikweni n'kuti, amayi ake ndi a mbumba iti. Trevor anasangalala. Anamugunda Lydia ndi chigongono n'kunong'ona kuti, "Chezani nawo. Muwauze kuti ndimaphunzitsa bwino."

Chilomwe cha Lydia chinali chazigamba. Sichikanamukwanira kugula mchere pamsika wa ku Guruwe. Koma mawu onenera mwamuna wabodza anali nawo onse, poti ndiwo ankamveka kwambiri m'munda mwa amayi ake. Anayankhula motsitsa, akumwetulira, maso ali pansi ngati mayi wamanyazi. Anati mphunzitsi waimayu ndi mwamuna wake, anamanga nyumba pa dothi la amayi ake. Anati Fiona ndi mkazi wa kuntchito, ankhoswe samudziwa. Anati amene wagona kumbuyoyu ndi mwana wawo. Ndipo anatembenuka pang'ono, n'kutsitsa nsalu, kuti kankhope ka Maluwa kayang'ane pagalasi ndi mphuno yake ija.

Trevor ankagwedezera mutu mawu alionse, mano onse ali pamtunda.

A Gregorio anayang'anitsitsa kankhope ka mwanayo. Kenako anauza Trevor m'Chingerezi kuti ayambe phunziro.

Kunena zoona, anaphunzitsa bwino. Analemba pabolodi mayina a zinthu za kumsika, anachita ngati wogulitsa tomato, Lydia n'kumagula, kulakwitsa, kukonzedwa, kubwerezanso. Ngakhale Lydia anaona kuti mwamunayu ntchito yake amaidziwa, ndipo zimenezo zinangowonjezera ukali wake. Atamaliza, Trevor anapukuta choko m'manja n'kuima chilili kudikira chiyamikiro.

"Mwaphunzitsa bwino, a Mathero," anatero a Gregorio m'Chingerezi chawo chokoka chija. "Ndili ndi funso limodzi. Mwana ali kumbuyo kwa wophunzira wanuyo, bambo ake ali kuti?"

Lydia anayang'ana Trevor. Mpaka pamenepo kamtima kena kankamuuza kuti mwina munthuyu achita manyazi, mwina lilime limukanika.

Silinamukanike. "Ali ku Joni, bwana," anatero Trevor. "Anapita kalekale. N'chifukwa chake timawathandiza mayiwa."

"Ndamva," anatero a Gregorio. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi juzi. "Mayiwa andiuza zina. Ine ndakalamba, ndipo aphunzitsi abwino ndi osowa, choncho sindikuthamangitsani. Koma nyumba ija ndi ya mpingo, ndipo ndi ya banja. Mukabwera ndi mayi awa ndi mwana uyu, ntchito ndi yanu. Mukabwera ndi wina, kapena nokha, musavutike n'kuwoloka malire. Ndipo yankho sindilimvera kwa inu. Adzandiimbire okha mayiwa, m'chinenero chathu."

Galasi linada. Pachulu panangotsala mphepo ndi kulira kwa makoko a nandolo. Trevor anatembenukira kwa mkazi wake. Lydia anakonza nsalu ya mwana.

"Ndapita, aphunzitsi," anatero. "Kwathu n'pafupi, tayandikana nyumba."

Anayembekezera mkuntho, ndipo usiku umenewo anakagona kwa a Eluby. Koma mkuntho sunabwere. M'malo mwake pamudzi panatulukira mkamwini amene anthu anali asanamuonepo. M'mawa kusanache Trevor anali atadzaza kale mbiya zonse. Anafolera khitchini ya apongozi ake imene inakhala ikudontha dzinja lonse iye akuidutsa. Anamenya nandolo wouma, anapeta, anasoka matumba. Ankanyamula Maluwa n'kumazungulira naye pabwalo kuti aliyense aone. Za Fiona zinamveka kuti atangomva nkhaniyo anasiya kumuyankhula, ndipo pa sukulu ankadutsana ngati sadziwana.

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero a Eluby m'Chilomwe, Trevor akudutsa ndi mtolo wa udzu pamutu. Amayi onse pamtondo anaseka. Trevor anamwetulira nawo, koma tsopano kumwetulira kwake kunali kwa munthu woyenda pa minga.

Madzulo alionse ankabwera ndi foni m'manja. "Amake Maluwa, mdala uja akudikira. Malo aja apatsa wina."

"Ndamva."

"Ndinalakwa, ndavomera. Satana amayesa aliyense. Koma taganizani: nyumba ya magetsi, madzi a pampopi, chipatala chachikulu pafupi. Mwanayu akatentha thupi simudzayendanso wapansi."

Pamenepo ndi pamene ankamugwira penipeni, ndipo ankadziwa. Lydia ankagona akuganiza za chipatala chija. Ankaganiza za usiku umene Maluwa anabanika ndi chifuwa, iye akuthamanga naye mumdima. Mwina kupita kunali kwanzeru. Mwina munthu amasintha. Koma akatseka maso ankamva mawu aja, osalala, osakhumudwa pena paliponse: ali ku Joni, bwana. Ndipo ankaona mmene zikanakhalira kutsidyako. Kuno Trevor anali mlendo pa dothi la amayi ake, atsibweni ali pafupi. Ku Guruwe mlendo akanakhala iye, m'nyumba ya dzina la mwamuna, wopanda wothawirako, akudikira tsiku limene Fiona wina adzatulukire pakati pa anamwino a m'kalasi.

"Itanani ankhoswe," anatero tsiku lina. "Ulendo wotere sitinganyamuke akuluakulu asanaudziwe."

Trevor anatsala pang'ono kugwada. Tsiku lomwelo anapalasa njinga mpaka ku Mauwa kukatenga achimwene ake, a Mateyo, nkhoswe ya kuchimuna.

Anakumana Loweruka m'mawa pakhonde la amayi ake a Lydia. Atsibweni ake a Lydia, a Dickson, nkhoswe ya kuchikazi, anakhala pampando wa ndalema, chipewa chili pabondo. A Mateyo anabwera atavala jekete la kutchalitchi. Amayi anakhala pamphasa. Trevor anali atalongedza kale chikwama, pasipoti ili m'thumba la shati. Anafotokoza yekha za ntchito, za nyumba, ndi za kulakwa kwake, kumene anakutchula kuti kuphonya pang'ono pa mayankhidwe.

"Tamva," anatero a Dickson. "Nanga iwe Lydia, ukuti bwanji? Ulendowu waukonzekera?"

Lydia anayang'ana manja ake. Mawu anatuluka owongoka.

"Atsibweni, ine ndawaitanitsa akuluakulu kuti bambo awa andisudzule. Lero, pamaso panu, asanapite kulikonse kumene akupita."

A Mateyo anatsokomola. "Mlamu, nkhani imakambidwa. Munthu wapepesa."

"Anapepesa atagwidwa, alamu. Asanagwidwe anaima pa chulu cha amayi anga, mwana wawo ali apa, n'kunena kuti bambo ake ali ku Joni. Ine ndaona mmene amakhalira mkazi amene mwamuna wake ali ku Joni." Sanayang'ane a Eluby, koma onse anawayang'ana. "Ngati ali ku Joni, andimasule ndidziwe chimodzi."

"Lydia," anatero Trevor, kuiwala ulemu wonse. "Chabwino. Ndikusudzula ngati ukufuna. Koma yamba waimba foni. Ungonena kuti tikubwera. Tikafika, pakapita mwezi udzabwerere. Ukundiphera ntchito imene ndaisaka zaka zonsezi."

"Mukufuna ndikakhale woyeserera kachiwiri."

"Ndi tsogolo la mwana."

"Mwana uti? Paja ana mulibe."

Nkhuku inadutsa pakati pawo ikutolatola. A Dickson anatembenuza chipewa chawo, nayang'ana a Mateyo, a Mateyo n'kuyang'ana kumapiri. Anayesa ndithu kukambirana, monga ankhoswe amachitira, mpaka dzuwa linafika pamutu. Lydia sanawonjezere mawu, sanachotsenso. Pomaliza a Dickson anapumira m'mwamba.

"Mbeta sitiikakamiza, wapabanjanso sitimukakamiza. A Mathero, nyumba mukudziwa kuti imatsala, ili pa dothi la eni. Mwana ndi wa mbumba ino, koma ndi wanu, khomo lomuonera silitsekedwa. Perekani chisudzulo. Kanthu kalikonse kochoka m'dzanja lanu kupita m'dzanja lake, ife tione."

Trevor anapisa m'thumba la buluku, kenako linalo. Nkhope yake inali itatuwa. Chimene chinatuluka chinali kachidutswa ka choko, kotsala pa phunziro lija. Anakayang'ana ngati akufuna kukabweza, koma a Mateyo anamugwedezera mutu. Anakaika m'dzanja la Lydia osamukhudza.

Lydia anafumbata. A Eluby anatambasula dzanja mwakachetechete, iye n'kuwapatsa. Anakatembenuza kachokoko m'zala zawo nthawi yaitali, kenako anakabweza.

Dzuwa litapendeka, Trevor anamanga chikwama ndi bolodi la pulayiwudi pa keliyala ya njinga. A Mateyo anatsogola. Lydia anabwereka foni ya a Eluby, anabereka Maluwa, n'kulowa m'munda. Nandolo anali atayamba kuyoyoka masamba, moti chulu chinkaonekera kutali. Anakwera mpaka pamwamba n'kuima pamene Trevor ankaima.

Kumsewu, njinga ija inkakankhidwa pang'onopang'ono, tcheni ikulira kulira kwake kuja. Lydia sanaimbe msanga. Anagwira kaphazi ka mwana, kanali kozizira bwino. Anadikira. Ankamudziwa mwamunayo: pamphambano adzacheuka.

Anacheukadi. Anaima, dzanja lili pachipumi, akuyang'ana kuchulu. Pamenepo Lydia anakweza foni m'mwamba kuti aione bwino, anadina nambala ya ku Guruwe imene Trevor ankamuonetsa madzulo alionse, n'kuiika pakhutu. Anaona Trevor akutembenuza njinga, phazi limodzi kubwerera, ngati munthu amene mtima wamuuza kuti mwina.

"Moseliwa, mwanangu," anatero mawu a a Gregorio, ngakhale dzuwa linali litapendeka. "Ndiye tikonze nyumba?"

"Konzani, bambo," anatero Lydia m'Chilomwe chake chazigamba, maso ali pa munthu wa pamphambano. "Mupatse wina amene ali ndi banja."